Nyale imodzi yokha, nayonso ifuna RCD?

Mawotchi abwerera m'mbuyo, ndipo kuno ku Hull mdima wayamba kutipeza tikadali panjira. Pofika Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Ino ndiyo nyengo imene mabanja amazindikira kuti pamasitepe sipaoneka bwino, kukhitchini babu imodzi sikukwanira, ndipo kuseri kwa nyumba kukufunika nyale. Funso limene landipeza kangapo mwezi uno ndi ili: "Ngati ndikungowonjezera nyale imodzi, n'chifukwa chiyani wamagetsi akuti aikenso RCD? Sakufuna kungondidyera ndalama ameneyu?"

Yankho langa, abale, ndi loti nthawi zambiri wamagetsiyo akunena zoona.

Tiyambe ndi kachipangizoko. M'bokosi la magetsi, lija limakhala pansi pa masitepe kapena pafupi ndi khomo, muli mafyuzi kapena timaswitchi timene timadzigwetsa tokha. Ya nyale kawirikawiri imakhala ya 5 kapena 6 amp. Ntchito yake ndi kuteteza waya kuti asatenthe n'kuyatsa nyumba. Munthu ayi. Mphamvu yokwanira kusokoneza mtima ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imeneyo, moti mwana akhoza kugwidwa ndi shoko fyuzi ili phee. RCD imawerengera mphamvu imene yatuluka ndi imene yabwerera. Zikasiyana ndi 30 milliamp, ndiye kuti ina yathawira kwina, mwina kudzera m'thupi la munthu, ndipo imadula magetsi sekondi isanathe. Fyuzi ya 6 amp siyamba n'komwe kudandaula mpaka mphamvu itaposa pamenepo ka 200.

Malamulo a kalumikizidwe ka magetsi kuno ali m'buku lotchedwa BS 7671. Kope la 18 linatuluka mu 2018 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019. Ndime 411.3.4 ya bukuli imafuna kuti mawaya opita ku nyale m'nyumba zokhalamo anthu akhale ndi RCD ya 30 milliamp. Ngakhale zisanafike apo, kuyambira 2008 waya wokwiriridwa m'khoma osapitirira mamilimita 50, wopanda chomutchinga chachitsulo, ankafunika kale RCD. Tangoganizani waya wotsikira ku switchi: ali pomwe mumakhomapo msomali wa chithunzi cha agogo.

Koma lamuloli silibwerera m'mbuyo. Nyumba yolumikizidwa kale siikakamizidwa kusintha chifukwa choti buku lasintha. Kusintha babu, kapena kuchotsa nyale yosweka n'kuikapo ina pamalo omwewo, sikufuna RCD yatsopano. Nkhani imasintha mukayamba kukoka waya watsopano: nyale yachiwiri, switchi pamalo ena, timababu ta m'siling'i. Chimene chawonjezedwacho chiyenera kukwaniritsa malamulo a lero. Wamagetsi angaike RCBO m'bokosi, kachipangizo kamene ndi fyuzi ndi RCD pamodzi, kapena RCD yapadera poyambira waya watsopanoyo. Bokosi likakhala lakale kwambiri, angakuuzeni kuti lisinthidwe lonse, ndipo apa m'pamene mtengo umalumpha. Funsani amagetsi awiri kapena atatu musanavomere.

Ku Hull nkhaniyi ndi yathu kwambiri chifukwa cha nyumba zimene ambiri timakhalamo. Za mdadada zija za cha ku Hessle Road, Holderness Road, Spring Bank ndi Newland Avenue, zambiri zadutsa zaka 100. Mawaya ake anasinthidwa nthawi zosiyanasiyana ndi manja osiyanasiyana. Zina zinakonzedwa pansi pokha madzi atasefukira mu Juni 2007, kumwamba n'kutsala momwemo. Palinso china: 1966 isanafike, mawaya a nyale ankaikidwa kawirikawiri opanda waya wa earth. Mukapachika nyale yachitsulo kapena switchi yonyezimira pa mawaya otere, waya mmodzi akangomasuka chitsulo chonse chimakhala ndi moto, kudikira dzanja.

Ndikudziwa mmene tinakulira. Kwathu ESCOM ikafikitsa waya pa mita, zotsalazo ambiri timaitana mnyamata wodziwa za magetsi wa m'dera, n'kumugulira Fanta. Luso limenelo sindikulinyoza. Mphamvu ndi yomweyo ya 230 volt, ngakhale pulagi ya mano atatu ndi yomweyo. Koma kuno pepala nalo ndi mbali ya ntchito. Kuyambira 2005 pali gawo la malamulo a zomangamanga lotchedwa Part P. Ku England, kusintha bokosi lonse, kukoka mzere watsopano kuchokera m'bokosi, kapena kusintha mawaya pafupi ndi bafa kapena shawa, ziyenera kudziwitsidwa ku khonsolo. Wamagetsi wolembetsedwa ku NICEIC kapena NAPIT amadziwitsa yekha. Kuwonjezera nyale pabalaza sikufuna kudziwitsa khonsolo, koma kuyenera kuyezedwa, ndipo mulandire satifiketi ya Minor Works. Tsiku logulitsa nyumba, kapena moto ukabuka a inshuwalansi n'kuyamba mafunso, mapepala amenewa ndiwo adzakuyankhulireni.

Kwa inu a lendi, musakhudze mawaya popanda chilolezo cha eni nyumba. Koma muli ndi ufulu wanu. Malamulo a 2020 amakakamiza landilodi kuyezetsa magetsi zaka zisanu zilizonse ndi kukupatsani lipoti lotchedwa EICR. Liwerengeni. C1 ndi ngozi ya pompano, C2 ndi choopsa chofunika kukonzedwa msanga, ndipo zotere ziyenera kukonzedwa pasanathe masiku 28. C3 ndi malangizo chabe, ndipo kusowa kwa RCD pa nyale zakale kawirikawiri kumagwera pamenepa. Ngati lipoti simunapatsidwe, lipempheni polemba. Akakana, Hull City Council ili ndi mphamvu yowakakamiza. Ambirife timaopa kuoneka ovuta m'dziko la eni, koma mbewa ya manyazi inafera kudzenje.

Madzulo ano tengani tochi mukayang'ane bokosi lanu. Funani kabatani kolembedwa T kapena Test. Zimitsani kompyuta, chenjezani a m'nyumba, kenako kadinikeni. Magetsi ayenera kuzima nthawi yomweyo; onani ngati nyale nazo zazima, chifukwa m'mabokosi ambiri akale RCD imateteza masoketi okha. Bwezeretsani switchi m'mwamba, ndipo muzichita zimenezi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ngati kabataniko palibe, kapena mwadina osazima, itanani wamagetsi musanagule nyale yatsopano ija.