Alendo a laputopu ku Tofo: ndalama zawo zimaima pa khomo la yani?

Mukatsika chapa ku Tofo, makilomita pafupifupi 22 kucokera mumzinda wa Inhambane, mudzaona cinthu cimene kale sicinkaonekaoneka. M'malo omwera khofi pafupi ndi gombe mwakhala anthu, aliyense ndi laputopu yake. Ena atseka makutu ndi zomvera, akuyankhula okha. Kunja dzuwa likuswa mtengo, nyanja ili poteropo, koma iwo maso ali pa makina. Mwina mudzati, "Aaa, awa akungotaya nthawi." Ayi ndithu, ali pa nchito. Abwana awo ali ku Berlin, ku Lisboa kapena ku Johannesburg.

Nchito yake ndi yotani? Wina amalemba nkhani. Wina amamasulira mapepala. Wina amawerengera ndalama za kampani, wina amapanga mapulogalamu aja muli nawo m'foni mwanu. Akamaliza amatumiza pa intaneti, ndipo mwezi ukatha malipiro amagwera ku banki ya kwawo. Ofesi yawo ndi tebulo, mpando, soketi ya magetsi ndi nambala yacinsinsi ya Wi-Fi. Basi.

Khalidwe limeneli lidakula mu 2020, nthawi ya Covid-19. Maofesi ambiri adatsekedwa ndipo anchito adauzidwa kugwirira kunyumba. Matenda atacepa, ena adadzifunsa kuti, "Ngati nchito ikutheka ndili kucipinda, cipindaco cikhalirenji ku dziko lozizira, kumene lendi ndi yokwera?" Ndiye adanyamula zikwama. Dziko lathu lili ndi mwayi wina umene anthu sauganizira: nthawi. Wochi ya ku Moçambique imafanana ndi ya ku Germany kwa miyezi yoposa theka la caka, ndipo miyezi inayo imangosiyana ndi ola limodzi. Msonkhano wa 9 koloko kumeneko, kuno ndi 9 kapena 10 koloko. Amene adasankha cilumba ca Bali ku Indonesia amasiyana ndi abwana awo maola 6 kapena 7.

Mu 2023 zitseko ziwiri zidatseguka. M'mwezi wa Maio boma lidacotsa viza kwa anthu a m'maiko 29, kuphatikizapo America, Britain, Germany ndi Portugal. Mlendo wobwera kudzaceza kapena pa zamalonda amaloledwa masiku 30. M'mwezi wa Junho kampani ya Starlink idayamba kugulitsa intaneti m'dziko muno. Intaneti imeneyi siyenda pa nsanja za mafoni, imatsika kucokera ku makina ozungulira kumwamba. Mwini malo amangoika kambale padenga, ndipo mlendo angathe kuyankhulana ndi abwana ake maso ndi maso, mau osadukaduka.

Tsopano tiwerengere ndalama, poti nkhani yagona pamenepo. Dola imodzi ya ku America ndi mametikali pafupifupi 64. Tiyerekeze kuti mlendo amalandira madola 2,000 pa mwezi. Kwawo amenewo si malipiro oti munthu n'kudzitama nawo. Koma kuno ndi mametikali 128,000. Mtsikana amene akumubweretsera khofiyo, ngati amalandira malipiro otsikitsitsa a m'mahotela, mu 2024 sankafika pa mametikali 10,000 pa mwezi. Anthu awiriwa amagula nsomba pa msika umodzi. Msodzi akaona onse awiri akubwera, mukuganiza kuti nsomba yaikulu aisungira yani?

Musafulumire kunena kuti mwini kafe ndiye walemera. Iyenso ali ndi masamu ake. Mlendo wapaulendo amadya, kulipira, n'kupita, mpando n'kukhalapo wina. Wa laputopu angathe kugula kapu imodzi ya khofi n'kukhala maola anayi, uku akuchaja makina ake awiri. Magetsi a Credelec akutha, intaneti ya mwezi ikufuna kulipiridwa, jenereta ikufuna mafuta magetsi akazima. N'cifukwa cake m'maiko ena eni makafe adayamba kuletsa malaputopu nthawi ya nkhomaliro, kapena kulipiritsa pa ola. Ubwino wake ndi wakuti mlendo wotere sabwera pa Khirisimasi pokha. Amakhala milungu ingapo, ngakhale miyezi imene gombe lili zii. Kwa mayi wocapa zovala, mnyamata wa txopela ndi wogulitsa kokonati, kasitomala wa tsiku ndi tsiku amaposa khamu la sabata imodzi.

Boma nalo limapezapo pang'ono. Mlendo akagula katundu m'sitolo amalipira IVA, imene ili pa 16 peresenti. Koma msonkho wa malipiro ake, kawirikawiri umatsala kwawo.

Pamene ndalama zambiri zimapita ndi pa nyumba. Apa m'pamene ndikufuna muwerenge modekha. Munthu wokhala mwezi wathunthu safuna hotela. Amafuna nyumba yokhala ndi khichini, madzi ndi intaneti, ndipo amaipeza pa foni asananyamuke kwawo, kudzera pa Airbnb kapena magulu a pa Facebook. Mwini nyumba akaona kuti mlendo akulipira pa sabata ndalama imene mphunzitsi amalipira pa mwezi, mphunzitsiyo amauzidwa kuti asake kwina. Zimenezi zidacitika kale ku Lisboa ndi ku Cape Town, kumene eni mzinda akudandaula kuti lendi yawathamangitsa m'madera amene adakuliramo. Ku Mexico City anthu adafika poguba m'misewu mu Julho 2025. Tofo ndi kamalo kakang'ono poyerekeza ndi mizinda imeneyo, ndipo pamalo pang'ono mitengo sicedwa kudumpha.

Ndiye funso n'lakuti, nyumba zimene alendo akugonamo n'za yani? Ngati n'za anthu a pamudzi, ndalama yaima pakhomo pawo. Ngati banja lidapereka malo ake kalekale kwa munthu wa ndalama pa mtengo wa njinga yamoto, lero mwana wa banjalo akusesa pabwalo pamene agogo ake ankalima cinangwa. Malamulo a dziko lathu amati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa. Cimene munthu amakhala naco ndi ufulu wogwiritsa nchito malowo, uja timati DUAT. Lamulo la nthaka la 1997 limavomereza ufulu wa anthu okhala pamalo mwa mwambo wa makolo, ngakhale alibe pepala. Limavomerezanso munthu wa dziko lino amene wagwiritsa nchito malo mokhulupirika kwa zaka 10. Koma nyumba ndi zina zomangidwa pamalopo zimagulitsidwa, ndipo ambiri amataya malo podzera pa khomo limeneli. Amadinda cala pa pepala limene wina wawawerengera.

Ine ndimaona kuti kuthamangitsa alendowa kulibe phindu, ndipo kuwadikira ngati mvula yoyamba n'kudzinamiza. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Wa laputopu ndiye mame enieni, cifukwa alibe munda kapena sitolo yomugwira mwendo. Namondwe Freddy atagunda kufupi ndi Vilankulo mu Fevereiro 2023, msodzi adatsala pomwepo kukonza denga lake. Mlendo amangosintha tikiti. Cisankho ca pa 9 Outubro 2024 citadutsa, kudali zionetsero, misewu idatsekedwa, ndipo masiku ena intaneti ya pafoni inkadulidwa. Munthu amene cakudya cake cili pa intaneti sangapirire zotere. Maiko ena akumukopa kale. Cabo Verde, Mauritius ndi Namibia ali ndi zilolezo zapadera za anthu ogwira nchito motere. Amene adatenga ngongole kumanga zipinda zinayi podalira alendo okha, miyezi yoteroyo tulo sakhala nato.

Mwina mukuti, "Ife tili ku Niassa ndi ku Tete, za ku Inhambane zikutikhudza bwanji?" Taganizirani zimene mlendoyu amafuna: malo okongola, magetsi ndi intaneti. Gombe la Chuanga pafupi ndi Metangula kukongola lili nako, Cóbuè cimodzimodzi. Magetsi a dzuwa ndi kambale ka padenga zimafika kulikonse. Msewu wa Cuamba mpaka Lichinga tsopano ndi wa phula. Sindikunena kuti mawa m'mawa mudzawapeza atadzaza pansi pa mtengo wa mango. Koma wofuna malo a m'mphepete mwa nyanja amafika msanga, alendo asanafike.

Nanga inuyo mungagwire nchito ya pa laputopu? Ndisakunamizeni, imafuna Cipwitikizi kapena Cingelezi cakuthwa ndi zaka zophunzira. Ndipo mukalandira uthenga wakuti "gwirani nchito pa foni, tumizani kaye ndalama yolembetsera", dziwani kuti ndi mbava. Nchito imene ili pafupi ndi inu ndi ina. Mlendo amaitanitsa zinthu polemba pa WhatsApp: nsomba ziwiri, buledi, matapa a anthu atatu. Amalipira pa M-Pesa kapena e-Mola. Mayi amene amawerenga yekha uthengawo ndi kuona yekha kuti ndalama yalowa, safunika mnyamata wapakati womudyera theka.

Ndipo wina akabwera kufuna nyumba kapena malo anu, pemphani pepala la pangano, lija timati kontrato, mupite nalo kunyumba. Musasaine tsiku lomwelo. Sakani mau awiri a Cipwitikizi. "Arrendamento" ndi kubwereketsa, nyumba ikhalabe yanu. "Venda" ndi kugulitsa, yapita. Onani tsiku loyamba ndi tsiku lothera, ndalama ya pa mwezi, ndiponso amene adzakhale mwini wa cipinda cimene mlendoyo angamange pamalopo. Pamene pakuvutani, pitani nalo kwa mphunzitsi wanu wa sukulu ya akulu kapena kwa mlembi wa bairro, muwerengere limodzi mzere ndi mzere.