Dzina latuluka?

Anyamata a ku Kachulu, tamvani. Chilwa itauma mu 2018, mabwato atakhala pamatope, tonse tinathawira kumunda. Ndiye musamati za feteleza n'za anthu a kumtunda okha.

AIP itayamba mu 2020 thumba linali K4,495. Kenako K15,000, maina ambiri n'kusowa pamndandanda. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kusitolo thumba linakwera mpaka kudutsa K100,000. Chimanga chake chiti chingabweze ndalama imeneyo, mtengo akudula ndi mavenda?

Koma ukatchula Mbeya anthu amaseka, eti n'za agogo. Za agogo chani amwene? Makilogalamu 10 a feteleza, gaga, phulusa, zitosi za nkhuku, timadzi pang'ono, n'kumanga m'thumba masabata atatu basi. Thumba limodzi logula limabala asanu. Gaga ali pachigayo, phulusa amayi ako amataya m'mawa uliwonse.

Ine ndimakonza injini za maboti. Uzingothira petulo osaona oyilo, tsiku lina injini idzakuzimira pakati pa nyanja. Munda wa makolo tikuuchita zomwezo, feteleza yekhayekha chaka ndi chaka, manyowa ayi. Kuno ku Chikamveka mvula ikagwa madzi amatsika ofiira, Likangala n'kunyamula dothilo kukakwirira nyanja yomwe imatidyetsa.

Nandolo ndi soya zimabwezera chonde m'nthaka, soyayo opanga mafuta ophikira amamufuna. Koma ayi, anyamata amphamvu zawo tili pamzere kwa amfumu, chitupa m'manja, kufunsa ngati dzina latuluka.