Makatuni a ku Japan Onena za Mizimu Si a Ana Okha

Ndapempha malo m'magazini yathu ino kuti nditsirize mlandu umene unayambika m'chipinda chathu chogona, belu lozimitsa magetsi n'kuudula usanathe. Mlandu wake ndi uwu. Pamene a komiti ya zosangalatsa anafunsa mayina a zithunzi zoti tizionera Loweruka madzulo, ine ndinatchula makatuni a ku Japan, amene eni ake awatcha anime, makamaka aja onena za anthu ndi mizimu ya m'nthano zawo. Anzanga anandiseka kwambiri. Wina anati, "Iwe, msinkhu wonsewu ukufuna tizidole?" Mnzanga wina, amene ndimlemekeza chifukwa ndi munthu wopemphera, sanaseke konse, koma anati zinthu zotere n'za ziwanda ndipo siziyenera kulowa m'holo ya sukulu. Usiku uja ndinalephera kuyankha bwino, pakuti pakamwa panga m'polemera. Tsono ndayesa kulemba.

Poyamba timvane pa mawu. Ndalemba kuti "mizimu" chifukwa ndasowa liwu lina, koma liwuli silikwana bwino. Ife tikati mizimu tiganiza za makolo amene anatisiya. Ajapani ali ndi liwu lakuti yokai, ndipo yokai kawirikawiri si munthu wakufa ayi. Ndi zamoyo zachilendo zokhala m'mitsinje, m'nkhalango, m'mapiri ndi m'nyumba zakale, zimene anthu ambiri saziona. Pali kappa, kachilombo ka m'madzi ka msinkhu wa mwana, kokhala ndi chigoba kumsana ngati kamba ndi kambale pamutu. M'kambalemo mukhala madzi, ndipo madziwo ndiwo mphamvu yake. Kappa amakokera anthu ndi akavalo m'dziwe, komatu ulemu wake ndi wopitirira muyeso: ukamweramira pompatsa moni, iyenso aweramira iwe, madzi aja natayika, mphamvu n'kuthera pomwepo. Akondanso nkhaka. Amanenanso kuti chiwiya cha m'nyumba chikakwanitsa zaka 100 chimakhala ndi moyo, kotero kuti ambulera yakale ingathe kudumphadumpha usiku ndi mwendo umodzi. Onani tsono, kuopsa, kupusa ndi ulemu zakhala m'thupi limodzi.

Zimenezi sizinayambe ndi makatuni. M'chaka cha 1776 mmisiri wojambula, Toriyama Sekien, anatulutsa buku la zithunzi za yokai, ndipo mu 1910 Yanagita Kunio anasindikiza Tono Monogatari, nthano zimene anamva kwa mnyamata wa ku Tono, dera la mapiri chakumpoto kwa dzikolo. Koma amene anazifikitsa kwa ana a m'mizinda ndiye Mizuki Shigeru. Iyeyu ali mwana ku Sakaiminato ankamvetsera nthano za mayi wina wokalamba wothandiza pakhomo pawo. Atakula anapita ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nataya mkono wamanzere, ndipo ndi dzanja lotsalalo anajambula GeGeGe no Kitaro, imene inayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema mu 1968.

Koma chithunzi chimene chinandigwira mtima, chimene ndinachionera pa tchuthi pa kompyuta ya msuweni wanga, ndicho Natsume Yujincho, ndiko kunena kuti Buku la Abwenzi la Natsume. Mayi wina wa ku Kumamoto, Midorikawa Yuki, anayamba kujambula nkhaniyi m'magazini mu 2003. Makatuni ake anayamba kuonetsedwa mu 2008, ndipo anthu anawakonda kotero kuti anapangidwanso kambirimbiri, kufikira ulendo wachisanu ndi chiwiri mu 2024.

Mwini nkhani ndi Natsume Takashi, mwana wamasiye wa msinkhu wathuwu, amene chibadwire amaona yokai. Ali wamng'ono ankati akaloza pangodya ya chipinda nanena kuti paima munthu, achibale omsunga ankamuyesa wabodza, ndipo ankangopatsirana mwanayo, chaka chino kwa awa, chaka chamawa kwa awo, ngati katundu wosowa mwini. Potsiriza banja lina lopanda mwana, a Fujiwara, linamtenga ndi mtima wonse kupita naye ku kamzinda ka kumidzi. Kumeneko anazindikira kuti agogo ake aakazi, a Reiko, amene anamwalira kale, nawonso ankaona yokai, ndipo anthu ankawathawa chifukwa cha ichi. Ali mtsikana, Reiko ankachita mipikisano ndi yokai, ndipo aliyense wogonja ankalemba dzina lake papepala. Mapepalawo anawamanga pamodzi nakhala buku. Wogwira bukulo angathe kulamula mwini dzina aliyense, ndipo mwini dzinayo sangakane.

Apa ndi pamene nkhaniyi isiyana ndi zithunzi za nkhondo zimene tizolowera Loweruka. Mnyamata walandira chida cholamulira nacho khamu lonse la mizimu. M'chithunzi china akadakhala mfumu, adani ake nagwa ngati mapesi. Koma iye asankha kubweza mayina aja kwa eni ake, limodzilimodzi. Amang'amba tsamba, naliluma pakamwa, nawomba m'manja, napuma mpweya, ndipo zilembo zimauluka kuchoka papepala kubwerera kwa mwini dzina. Pa nthawi imeneyo mnyamatayo amaona za m'mtima mwa yokai uja, ndi tsiku limene anakumana ndi agogo ake. Akatha amagwa ndi kutopa. Mlonda wake ndi chilombo champhamvu, Madara, chokhala m'thupi la mphaka wonenepa wokonda mowa, ndipo pangano lawo ndi lakuti Natsume akadzafa bukulo lidzakhala la mphakayo. Tsono buku likucheperachepera, mphaka nadandaula kuti cholowa chake chikutha, koma kuchoka sachoka ayi.

M'gawo loyamba chimzimu chachikulu cha diso limodzi chimthamangitsa Natsume m'nkhalango, chikumuyesa Reiko. Uganiza kuti chifuna kumudya. Dzina litabwezedwa ndi pamene uona choonadi: chinali chokha, ndipo mtsikana uja atachigonjetsa anachiuza kuti akadzachiitana chidzabwere. Chinadikira dzinja, chinadikira chilimwe, zaka ndi zaka, koma sanachiitane ngakhale tsiku limodzi. Mkwiyo wake wonse unali wa bwenzi losaitanidwa.

Gawo lachiwiri ndilo limene ndifuna mulione. Muli Tsuyukami, ndiko kuti mulungu wa mame, kankhalamba kovala chigoba kumaso, kakang'ono koti n'kukhala m'kapu ya tiyi. Kale sanali mulungu konse, anali yokai wamba wogona m'kakachisi ka m'mbali mwa njira. Chaka china kunagwa chilala, anthu napemphera pa kakachisi kaja, ndipo m'mawa mwake mvula inangogwa yokha. Kuyambira pamenepo mudzi wonse unkabwera ndi nsembe, ndipo iye anakula nakhala wamkulu. Zaka zitapita anthu anaiwala, ndipo pamene opembedza ankachepa thupi lakenso linkachepa. Anatsala mayi mmodzi wokalamba, a Hana, amene ankabwera ndi mapichesi. Mayiyu afotokozera Natsume kuti ali mtsikana wa pasukulu anamuona Tsuyukami kamodzi kokha, atakhala panthambi ya mtengo nayamikira kuti kunja kwacha bwino, ndipo anafuna kumuyankha koma anaopa kuti akadziwa kuti waonedwa ndi munthu adzasowa. Anasunga tsiku limenelo moyo wake wonse. A Hana atamwalira, Tsuyukami ayamba kuzimirira. Natsume alonjeza kuti iye azibwera kudzapembedza m'malo mwawo, koma kankhalamba kakana, pakuti Natsume ndi bwenzi lake, ndipo bwenzi silingasanduke wopembedza. Basi kazimirira. Palibe nkhonya, palibe mfuti, palibe woipa woti agonjetsedwe. Ine sindilira pa zithunzi, koma tsiku limenelo ndinauza msuweni wanga kuti utsi wa mbaula walowa m'maso.

Yanagita uja anaphunzitsa kuti yokai ndi milungu imene anthu analeka kuipembedza, ndipo ndiganiza kuti kukoma kwa makatuniwa kugona pomwepo. Sakoma chifukwa choopsa, pakuti kuopsa kwake n'kochepa ndithu. Akoma chifukwa aonetsa mitundu iwiri ya zamoyo yokhala m'dziko limodzi, yofunana koma yosatha kukhala pamodzi nthawi yaitali. Yokai akhala zaka mazanamazana, munthu akhala pang'ono. Akulu athu anati mlendo ndi mame, ndipo m'nkhanizi mlendoyo ndife anthu: tifika, tizolowerana nawo, dzuwa likakwera tauma, iwo n'kutsala akudikira. Chimene yokai aopa koposa si imfa koma kuiwalika. Ndipo Natsume azimvetsa zimenezi chifukwa nayenso anakula ali wosaoneka m'nyumba za anthu. Sinditchula munthu, koma m'holo yathu momwemo muli anzathu amene pa tsiku lotsekera sukulu ayamba afunsa kuti tchuthi chino apita kwa yani. Amenewo sadzafuna womasulira kuti amve chithunzichi.

Nkhani ya dzina ipezekanso m'chithunzi chotchuka cha Miyazaki Hayao cha mu 2001, chodziwika ndi dzina lakuti Spirited Away, chimene chinalandira mphoto ya Oscar mu 2003. Mtsikana wa zaka 10, Chihiro, asochera ndi makolo ake m'dziko la mizimu. Makolowo apeza chakudya chokonzakonza popanda mwini, nayamba kudya mosapempha, nasanduka nkhumba. Pamenepa ndinakumbukira zimene amanena za phiri la Mulanje, kuti munthu angapeze chakudya cha mizimu panjira ndipo chili ndi malamulo ake a kadyedwe. Ndinadabwa kuti anthu otalikirana chotere anagwirizana kuti mbale ya mizimu sachita nayo chibwana. Kuti apulumutse makolo ake, Chihiro alembedwa ntchito m'nyumba yosambiramo milungu, ndipo mwini nyumbayo, Yubaba, amlanda dzina namtcha Sen, podziwa kuti woiwala dzina lake sapezanso njira ya kwawo. Tsiku lina kubwera mlendo wonunkha kotero kuti antchito onse athawa. Mtsikanayo amsambitsa, napeza chitsulo chobaya m'thupi lake, ndipo atakoka onse pamodzi patuluka njinga ndi mulu wa zinyalala. Mlendoyo anali mulungu wa mtsinje umene anthu anausandutsa dzala. Miyazaki anafotokoza kuti iye mwini anathandizapo kuyeretsa mtsinje nazula njinga m'matope. Kodi zimenezi n'za ana? Ngati n'za ana, ndiye kuti ana a ku Japan amapatsidwa chakudya cholimba.

Tsopano ndiyankhe mnzanga wopemphera, pakuti mawu ake ndiwo olemera. Zoonadi, nkhanizi zimera m'chipembedzo cha makolo a Ajapani, Shinto, chimene chimati milungu ndi yosawerengeka ndipo ikhala m'mitengo, m'miyala ndi m'madzi. Ine sindikhulupirira zimenezo, ndipo sindinayambe kuthira nsembe pa mtengo wa mango wa kuseri kwa laibulale. Koma kuonera si kupembedza. M'kalasi timawerenga Macbeth, m'mene muli afiti atatu ndi mzukwa wa munthu wophedwa wodzakhala pa phwando, ndipo palibe wa ife anasanduka mfiti chifukwa cha mayeso a Chingerezi. Agogo athu potiimbira nthano anatiuza za akalulu olankhula ndi mitengo yoimba, Lamulungu n'kupita nafe ku tchalitchi. Komanso zithunzi zimene timaonera masiku onse, zimene munthu mmodzi apha anthu makumi asanu tisanathe chimanga chokazinga, palibe anazitcha za ziwanda; koma mnyamata wobweza mayina kwa eni ake ndiye woopsa? Ngakhale ndi tero, munthu amene chikumbumtima chake chimletsa asakakamizidwe, ndipo asasekedwe akatuluka panja.

Ndivomerenso zolakwa zake, kuopa kuti mungati ndagulidwa ndi Ajapani. Natsume ayenda pang'onopang'ono. Pamakhala mphindi yathunthu yongoonetsa minda ya mpunga, mitambo, ndi kulira kwa nyenje, ndipo magawo ena afanana kwambiri mathero ake kotero kuti ukaonera asanu motsatizana chisoni chimasanduka chizolowezi. Gawo lina ndinagona. Mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi nawo amathamanga, ndipo okhala kumbuyo adzavutika kuwerenga. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ife a Fomu 4 amene tipirira mapiriyodi awiri a masamu masana sitingalephere kudekha mphindi zosakwana 25.

Pempho langa kwa a komiti ndi kwa aphunzitsi oyang'anira zosangalatsa ndi laling'ono. Sindikuti muchotse zithunzi za nkhondo. Ndingopempha Loweruka limodzi teremu ino, chithunzi chachikulu chisanayambe, muonetse gawo lachiwiri lija la mulungu wa mame, a Fomu 1 akhale kutsogolo kuti awerenge bwino. Anyamata akadzayamba kuimba mluzu lisanathe, mabenchi onse a m'holo ndidzabwezera ndekha ku chipinda chodyera m'mawa mwake.