ZA M'BANJA MWATHU: Kodi Gule Angampatse Munthu Udokotala?

Mwezi uno tikambirane nkhani imene imathetsa nzeru makolo ambiri. Mwana akaphunzira kufikira kutchedwa dokotala, ife timayembekeza kumuona m'chipatala atabvala mkanjo woyera. Koma alipo ena amene udokotala wao anautengera pa nyimbo, magule ndi zisudzo. Kholo likamva kuti mwana wake afuna kutsata njira imeneyi limagwa mphwayi, nkufunsa kuti, "Kodi usipa wanga ndi chinangwa changa ndinagulitsira kuti mwana akaphunzire kubvina?" Funso limeneli si lachibwana, pakuti ndalama za sukulu zimachokera m'thukuta. Tsono tiyeni tiliyankhe mofatsa.

Tiyambe ndi malipenga, gule wathu wa kuno ku Chintheche. Gule ameneyu anafala itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene amuna amene anapita kunkhondo, ena monga asilikari a King's African Rifles, ena monga amtengatenga, anabwerera kwao ataona perete ndi bandi. Posowa malipenga amkuwa anatenga mphonda zouma, naziboola, namatapo kansalu koyera kamene kangaude amaphimbira mazira ake, ndipo mphondazo zinalira. Gulu lililonse linatchedwa boma, lokhala ndi mfumu yake, akapitao ake, ngakhalenso dokotala ndi namwino oyendera ukhondo wa obvina. Amai nawo ali ndi chilimika chao, chimene amabvina pa nyengo ya chaka chatsopano. Tsono kodi makolo athu ankasirira Mzungu, kapena ankamseka mochenjera? Nanga nchifukwa ninji anthu olamulidwa anatcha gulu lao boma? Mafunso otere ngakuya, ndipo mayankho ake sapezeka m'makalata a atsamunda. Ali m'miyendo ndi m'kamwa mwa okalamba athu.

Awa ndiwo mafunso amene ophunzira akhala akuwafufuza. Christopher Kamlongera analandira udokotala ku Leeds, ku Mangalande, m'chaka cha 1984 pa nkhani ya zisudzo, ndipo mu 1986 analemba za malipenga, kusonyeza kuti m'gule ameneyu muli sewero lathunthu. M'chaka chomwecho cha 1984 Boston Soko analandira wake ku Paris atafufuza vimbuza. Mu 1992 awiriwa pamodzi ndi Mike Nambote ndi Enoch Timpunza Mvula anatulutsa buku lotchedwa Kubvina, lofotokoza magule a m'dziko muno. Mai wina wa ku America, Lisa Gilman, anakhala m'boma lino la Nkhata Bay kuphunzira malipenga ndi chilimika, natenga udokotala ku Indiana mu 2001. Buku lake la mu 2009 lifotokoza za amai obvina pa misonkhano ya ndale. Pamene bungwe la UNESCO linalemekeza vimbuza ndi gule wamkulu mu 2005, dziko lonse lapansi linabvomereza kuti zimene ena ankaziyesa masewera ndi chuma cha mtundu.

Musayese kuti digiri imeneyi munthu amaipeza pobvina bwino. Ayenera kuyamba watsiriza digiri yoyamba, ya zaka zinai, kenaka yachiwiri, ndipo pamwamba pake aonjezere zaka zitatu kapena kuposapo. Amakhala m'midzi miyezi yambiri, kufunsa akuluakulu, kujambula nyimbo ndi kuzimasulira liu ndi liu. Potsiriza amalemba buku lalikulu lonena chinthu chimene sichinalembedwepo ndi wina, naimirira pamaso pa akatswiri omufunsa mafunso okhwima. Waulesi sangafike pamenepo.

Nanga Mkhristu ayenera kuchita nazo zimenezi? Tikudziwa kuti Mpingo wakhala ukuchenjeza za magule ena chifukwa cha mowa, chiwerewere ndi kupembedza mizimu, ndipo chenjezo limenelo lidakali ndi malo ake. Koma kufufuza chinthu si kuchigwadira. Mbusa wofuna kuthandiza wodwala amene wathamangira ku ng'oma ya vimbuza athandiza bwino ngati wadziwa chimene wodwalayo akufunafuna kumeneko. Tikumbukenso kuti Miriamu anatsogolera akazi ndi lingaka ataoloka Nyanja Yofiira, ndipo Davide anabvina patsogolo pa likasa la Yehova. Ku Embangweni, Donald Fraser analimbikitsa Akhristu monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole kupeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a makolo ao, ndipo nyimbo zimenezo tikuziimbabe m'makachisi athu. Akadanyoza maimbidwe akwao, tikadasauka ndife.

Komabe pali mau amene tiyenera kumuuza mwana wofuna udokotala umenewu, ndipo ndiwo mutu wa nkhani yathu. Nzeru zimene adzazilembe si zake. Adzazitenga kwa nkhalamba yodziwa kuboola mphonda, ndi kwa gogo wokumbukira nyimbo za chilimika za utsikana wake. Iwo sadzabvala chisoti cha maphunziro, koma popanda iwo palibe buku. Choncho digiri yotere ndi ngongole. Nchomvetsa chisoni kuti mabuku ambiri onena za ife ali m'nyumba za mabuku za kunja, olembedwa m'Chingerezi chimene eni nyimbo sangachiwerenge. Amene wabwereka mphika kuti aphikire alendo saubweza wopanda kanthu.

Tsono kwa inu ana tikuti: mukakatenga udokotalawo, bwererani kunyanja kuno. Aitaneni amene anakuphunzitsani, muwawerengere m'Chitonga kapena m'Chichewa zimene munalemba, kuti akonze pamene munaphonya. Tchulani maina ao m'buku ngati alola. Siyani nyimbo zimene munajambula ku sukulu ya m'mudzimo, kuti adzukulu adzamve mau a agogo ao.

Kwa inu makolo tikuti: musamletse mwanayo msanga, koma mumfunse mafunso oyenera. Kodi afuna kufufuza chiyani? Kodi ndalama za maphunziro zidzachokera kuti? Pakuti ntchito za maphunziro amenewa nzochepa, makamaka uphunzitsi wa pa yunivesite, za chikhalidwe, ndi zisudzo zophunzitsa anthu zaumoyo ndi chitukuko. Akayankha mwanzeru, mdalitseni ndi kumpempherera.

Pamene Dr. Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881, makolo athu anathamangira sukulu kukafuna nzeru za kutali. Lero sukulu ikubwera m'mudzi kudzapempha nzeru zathu. Tiilandire ndi ulemu, ndipo tifulumire, pakuti okalamba odziwa zinthu akutha mmodzimmodzi. Ambuye atipatse nzeru yosiyanitsa mphale ndi gaga. Tsalani bwino mpaka mwezi wamawa.