Linga la Nyangwe ndi luso lolekanitsa zoona ndi maso ndi zongomva

Aphunzitsi anzanga, ndikufuna kukupemphani chinthu chimene poyamba chioneke ngati si ntchito yanu. Patulani mlungu umodzi wa maphunziro a chiyankhulo kuti mukambirane ndi ophunzira za kampanda ka miyala komwe kali pamwamba pa kaphiri ku Nyanga, kum'mawa kwa Zimbabwe. Pempholi likupita kwa inu nonse, kaya mumaphunzitsa Chichewa ku Lilongwe kapena Chinyanja ku Chipata, koma makamaka kwa inu a m'malokeshoni a Harare monga Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Mabvuku, amene m'makalasi mwanu muli ana oyankhula Chichewa kunyumba. Kampandaka kangawaphunzitse luso limene mabuku athu amalilambalala: kusonyeza m'mawu kusiyana kwa zimene munthu waona, zimene akuganizira, ndi zimene wangouzidwa.

Malowa amatchedwa Nyangwe ndipo ali m'nkhalango yotetezedwa ya Nyanga, dera lokwera, lozizira, la udzu ndi nkhungu, lofanana ndi Nyika ya ku Malawi. Phiri lalitali kwambiri m'Zimbabwe, Nyangani, la mamita 2,592, lili m'dera lomweli. Pansonga pa kaphiri ka Nyangwe pali mpanda wa miyala yosanjikizidwa popanda matope, ndipo mipanda ina inalumikizidwa mozungulira. Makomo ake ndi aafupi, olowa chowerama, ndipo m'makoma muli timabowo. Kudera lonselo kuli timinda tokhala ngati masitepe m'mbali mwa mapiri, ngalande za madzi, ndi maenje ozungulira omangidwa ndi miyala, olowera podzera m'kanjira kapansi kopanikiza.

Zimene ndafotokozazi n'zooneka ndi maso. Vuto limayamba tikafuna kuzipatsa mayina. M'mabuku a Chingerezi malowa amatchedwa "fort", ndipo ife tingamasulire kuti linga. Koma aliyense wodziwa mbiri ya Nkhotakota, kumene mudzi wa Jumbe unkatchedwa Linga, akudziwa kuti mawuwa amabwera ndi nkhondo kumbuyo kwake. Tikangonena kuti linga, taweruza kale kuti anthuwo ankaopa adani ndipo timabowo tija tinali toponyerapo mivi kapena mfuti. N'kutheka kuti ndi momwemo. N'kuthekanso kuti pamalopa pankakhala anthu olemekezeka ofuna kuonekera patali. Miyala payokha siyankha funsoli. Amayankha ndi munthu, ndipo munthuyo ayenera kupereka umboni.

Nkhani ya maenje aja ndiyo phunziro lenileni. Azungu oyamba kukhala ku Nyanga ankawatcha maenje a akapolo, ndipo dzinali linakakamira zaka zambiri ngakhale panalibe umboni wa akapolo. Mu 1905 David Randall-MacIver anakumba ku Nyanga ndi ku Great Zimbabwe n'kunena kuti zomangazi ndi ntchito ya Aafirika eni dziko. Roger Summers anasindikiza kafukufuku wake wa ku Nyanga mu 1958, ndipo Robert Soper anatulutsa wake mu 2002. Kuchokera ku ntchito yotereyi, akatswiri ambiri ofukula zakale tsopano amati maenjewa anali makola a ng'ombe zazing'ono, ndipo ndowe zake zinkathandiza m'minda. Alipobe ena amene amatsutsa, amati munkatsukidwira golide. Taonani: dzenje ndi limodzi, koma mayina ndi atatu, ndipo dzina lililonse likunyamula mbiri yakeyake ya anthu amene analikumba.

Musaganize kuti kusankha mawu otere n'kongosewera. Mu 1970 Peter Garlake anasiya ntchito yake yoyang'anira zipilala zakale n'kuchoka m'Rhodesia, chifukwa boma la nthawiyo silinkafuna kuti zinenedwe poyera kuti Great Zimbabwe inamangidwa ndi Aafirika. Mkangano wake unali pa ziganizo zolembedwa m'mabuku a alendo ndi a ana asukulu.

Mwana wa ku Mufakose amene agogo ake anabwera kuchokera ku Nyasaland, Mozambique kapena Northern Rhodesia kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu safunika kumufotokozera nthawi yaitali mphamvu ya dzina. Kumudzi agogowo ankatchedwa matchona. Kuno zitupa za mabanja ambiri zinkawalemba kuti ndi alendo ngakhale anabadwira m'dziko lomweli. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anazindikira ziyankhulo 16, ndipo Chichewa ndicho choyamba pamndandandawo. Anavomerezanso kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC angakhale nzika. Komabe lamulo silifufuta dzina pakamwa pa anthu. Chimene chingamuteteze mwanayo ndi chizolowezi chofunsa kuti: wanena zimenezi ndani, nanga anaona chiyani? Chizolowezi chimenechi chimaphunziridwa m'phunziro la chiyankhulo.

Chichewa chili nazo kale zida zake. Tili ndi mawu a mboni: ndaona, ndayeza, ndawerenga. Tili ndi mawu a woganizira: zikuoneka kuti, mwina, n'kutheka kuti, ziyenera kuti. Tilinso ndi mawu a wongomva: akuti, amati, ndinamva kuti. Ana amagwiritsa ntchito mawu onsewa tsiku ndi tsiku pokangana za mpira, koma polemba chimangirizo amawataya, n'kulemba chilichonse ngati chotsimikizika. Vutoli timalidzala ndife tikamapereka malikisi ochuluka kwa wolemba molimba mtima kuposa wolemba mosamala.

Nayi njira imodzi. Aonetseni chithunzi cha Nyangwe, ngakhale cha pafoni, osatchula dzina lake. Tsiku loyamba alembe ndime ya zooneka zokha; mawu akuti linga, nkhondo kapena mfumu asapezekemo. "Khoma lili ndi bowo" ndi chiganizo chololedwa, pamene "khoma lili ndi poponyera mivi" n'choletsedwa. Mudzaona kuti ntchitoyi ndi yovuta kuposa mmene imaonekera. Tsiku lachiwiri alembe zoganizira, chiganizo chilichonse chikhale ndi "chifukwa". Tsiku lachitatu auzeni mayina atatu a maenje aja, muwagawe m'magulu achite mtsutso. Pomaliza alembe lipoti lalifupi limene mitundu itatu ya ziganizo ikuonekera bwino. Ngati phunziro lanu ndi la Chishona kapena Chingerezi, lolani ana a Chichewa ayambe kukambirana m'chiyankhulo chawo, kenaka afunefune mawu ofanana nawo m'chiyankhulo cha phunzirolo. Anzawo a Chishona nawonso apindula poyerekeza.

Ena a inu munena kuti tilibe mawu a sayansi yotereyi. Tili nawo ambiri: mpanda, khola, ndowe, ngalande, mapale, phulusa, mphero, makala. Wofukula zakale amathera tsiku lake pa zinthu zomwezi, zimene gogo aliyense amazidziwa mayina.

Ena munena kuti Nyanga ndi kutali, ndiponso si cholowa cha Achewa. Zoti ndi kutali n'zoona, koma njirayi imagwira ntchito paliponse. Ku Harare kuli kaphiri ka Kopje, komwe mbiri ya pakamwa imati kunkakhala mfumu Neharawa. Mzindawu unkatchedwa Salisbury mpaka 1982, ndipo dzina loti Harare linali la lokeshoni imene lero ndi Mbare. Apa pokha pali zooneka, zolembedwa ndi zongomva zokwanira mlungu wathunthu. Ku Malawi muli ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, zimene UNESCO inaziika pamndandanda wake mu 2006. Kum'mawa kwa Zambia kuli mapanga a Kalemba ndi Thandwe.

Koma zoti si cholowa chathu ndikuzikana. Mwana wobadwira ku Dzivarasekwa ndi wa ku Zimbabwe, ndipo miyala ya Nyangwe ndi yakenso. Tikamalola Chichewa kulowa m'kalasi pokhapokha pokamba za gule wamkulu, chinamwali ndi maliro, tikuuza mwanayo kuti chiyankhulo cha amayi ake n'chokumbukira kumudzi basi, ndipo akafuna kuganiza mozama asinthe lilime. Mwana wotero akadzakula sadzaona chifukwa chophunzitsira ana ake Chichewa.

Choncho mlungu umenewu upatuleni. Pochonga ntchito yawo musayang'ane amene wapeza yankho lolondola la Nyangwe, pakuti akatswiri eni ake akukanganabe. Malikisi apite kwa mwana amene walemba "mwina" pamalo oyenera "mwina", ndi "ndaona" pa zokhazo zimene waonadi.