Kalata yothokoza aphunzitsi amene anatiumiriza kumvetsera timawu tating'ono

Okondedwa aphunzitsi,

Ndalemba kudzera m'magazini chifukwa ndikanakutumizirani kunyumba, mukanangoipinda kalatayi n'kuisunga osauzako munthu. Dzina lanu sinditchula, poti simukonda kutamandidwa pagulu. Komabe anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4 akuzindikirani msanga, chifukwa ndinu nokha amene munkatidulira mzere wofiira pansi pa mawu aatali m'chimangirizo, n'kulemba m'mphepete kuti tilankhule ngati anthu.

Nthawi imeneyo kwa ife kudziwa Chingerezi kunali kutafuna mawu olemera. Wolemba "tolerate", "postpone" ndi "extinguish" ndiye ankatchedwa katakwe. Inu munkatiuza kuti Mngerezi akakhala pakhomo pake amati "put up with", "put off" ndi "put out". Mneni ndi yemweyo, koma kamawu kotsatira kakasintha, tanthauzo limatembenukiratu: kupirira, kukankhira chinthu m'tsogolo, kuzimitsa moto. Aneni otere, amene mabuku amawatcha phrasal verbs, munawapatsa nthawi yochuluka kuposa imene ife tinkafuna. Tinkang'ung'udza kuti pa mayeso a MSCE amabwera m'mafunso ochepa osankha yankho, ndiye tivutikiranji? Munkayankha kuti a MANEB akatha nafe, moyo udzatifunsa mafunso ake.

Pano ndili ku Leeds, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. M'mawa tikamasinthana shifiti, mnzanga wogwira usiku amathamangitsa mawu, maso ali pa wotchi, ndipo pafupifupi nkhani yonse imakhala m'timawu tija. Agogo ena "came down with" chimfine, kutanthauza kuti chawagwira. Ena sakutha "keep down" chakudya, akadya chikubwerera. Mankhwala oletsa ululu ayamba "wear off", mphamvu yake ikutha, ndiye ndikhale tcheru. Nyamakazi ya ena yachita "flare up", yayambiranso mwaukali. Amene anapita kuchipatala adokotala akuti adzachita "pull through", apulumuka. Palibe liwu lalitali ngakhale limodzi, koma munthu wosadziwa aneni amenewa angangogwedeza mutu, osamva chimene chachitika usiku wonse.

Pali awiri amene munatilembera pabolodi moyandikana n'kutiuza kuti tisadzawasokoneze: "pass out" ndi "pass away". Woyambayo ndi kukomoka, ndipo wokomokayo akatsitsimuka amati "come round". Wachiwiriyo ndi kumwalira. M'kalasi tinaseka. Kuno, kumene nthawi zina foni ya achibale a wodwala imagwera m'manja mwanga, sindisekanso. Kusiyana kwa "out" ndi "away" ndi kusiyana kwa kuitana ambulansi ndi kuuza banja kuti kwagwa zovuta.

Chimene ndikuthokoza kwambiri ndi njira imene munatiphunzitsira. Simunatipatse mndandanda wa A mpaka Z kuti tiloweze, monga ambiri amachitira, ndipo ine mpaka lero ndimaona kuti kuloweza kotero n'kutunga madzi ndi dengu. Munayamba ndi Chichewa chathu chomwe. Munatifunsa kusiyana kwa kutseka ndi kutsekula, kumata ndi kumatula, kudya ndi kudyeratu. Tinayankha mosavuta, poti misintho ya aneni tinayamwira. Pamenepo munati Chingerezi chimachitanso zofanana, kungoti ife timaphatikiza kachidutswako ku mneni pamene Angerezi amakasiya kayimirire pakokha. "Up" wa mu "eat up", "drink up" ndi "use up" akugwira ntchito ya "-ratu" wathu: chinthu chitheretu. "Off" nthawi zambiri amanena za kuchoka kapena kuduka, n'chifukwa chake msonkhano umachita "call off" ndipo mankhwala amachita "wear off". "Out" amakonda zinthu zimene zatha kapena zazima: "run out", "wear out", "die out". Kuyambira pamenepo mneni wachilendo sankatiopsanso. Tinkayang'ana kamawu kakumapeto, n'kuyerekeza tanthauzo tisanatsegule buku.

Munatichenjezanso kuti njirayi ili ndi malire. "Take after", kufanana ndi kholo, sungaudziwe pongoyang'ana zidutswa zake. "Make up" yekha amatha kutanthauza kupeka nkhani, kuyanjananso mutakangana, kapena kudzola zokongoletsa nkhope. Oterewa munati tiziwaphunzira m'chiganizo chathunthu, ndi kumvetsera amene akulankhula.

Patapita zaka ndinadziwa kuti akatswiri a ku Birmingham, motsogozedwa ndi John Sinclair, anatulutsa mtanthauziramawu wa Collins COBUILD wa aneni amenewa mu 1989, ndipo anaikamo gawo lapadera lofotokoza tanthauzo la kamawu kalikonse kotsatira mneni. Inu munkachita zomwezo ndi choko. Vutolinso ndi lakale: Samuel Johnson analitchula m'mawu oyamba a mtanthauziramawu wake wa 1755 kuti limasautsa alendo ophunzira Chingerezi, ndipo dzina loti phrasal verb linafala kudzera m'buku la Logan Pearsall Smith la 1925. Ife tinali ndi buku la Hornby lokha, Oxford Advanced Learner's Dictionary, lothothoka chikuto, limene tinkalandirana. Munkatikakamiza kuwerenga "get" mpaka kumapeto kwenikweni kwa ndime yake, kumene aneniwa amabisala. Ambiri tinkafuna kulekera pa tanthauzo loyamba.

Lamulo la mlowam'malo nalo ndimaligwiritsa ntchito tsiku lililonse. Ndikamadzutsa agogo ndimati "wake her up", ndikamawakhazika tsonga "sit her up", mlowam'malo pakati, chifukwa "wake up her" palibe amene amanena. Koma ndikamanena za kuwasamalira ndi "look after her", osalekanitsa. Aneni a timawu titatu, monga "get away with" ndi "cut down on", nawonso salekanitsidwa. Munkati khutu lidzazolowera lamuloli mutu usanaligwire, ndipo zinaterodi.

Mawu aatali aja simunatiletse. Munatifotokozera kuti ambiri mwa iwo analowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa ndi Chilatini, makamaka Anomani atagonjetsa England mu 1066, ndipo mpaka pano ndi amene amamveka aulemu m'makalata a boma, m'khoti ndi m'malipoti. Choncho ndikamauza mnzanga pakhonde ndimati agogo "threw up", koma polemba m'buku la odwala ndimalemba "vomited". Kudziwa pamene liwu lililonse liyenera kukhala ndi chimene chandichititsa kuti ndisamveke ngati ndikuwerenga nyuzipepala pocheza, komanso kuti ndisalembe lipoti ngati ndili pamsika.

Ndamva kuti munapuma ntchito, koma ana a m'mudzi obwereza mayeso amabwerabe pakhonde panu madzulo. Ndawagulira buku la Michael McCarthy ndi Felicity O'Dell, English Phrasal Verbs in Use, la gawo la Advanced, losindikizidwa ndi Cambridge. Limasanja aneni potengera nkhani, monga thanzi, ntchito ndi ndalama, komanso potengera timawu totsatira tija, ndiye ndikukhulupirira kuti mugwirizana nalo. Mlamu wanga akubwera kumudzi pa Khirisimasi ndipo adzakusiyirani. Mayankho ali kumapeto kwa buku, choncho muziwayang'anira anawo, poti ife mumatidziwa mmene tinkachitira.

Mupereke moni kwa amayi ndi onse kunyumba.

Ndine mwana wanu wa sukulu,
wa ku Leeds