Chikalata cha Bungwe la Eni Nyumba ndi Ochita Lendi: Musanachoke, Thimitsani Magetsi ndi Kutseka Madzi

Kwa mamembala athu, mafumu, atsogoleri a mizikiti ndi matchalitchi, ndi onse okhala m'maboma a Mandimba, Ngauma ndi Cuamba.

Tikulemba chikalatachi mvula ili pafupi, nyengo imene ambiri a ife timakhoma nyumba n'kuchoka. Ena amakagonera kumunda mpaka atapalira, ena amadutsa pa Chiponde kukaona abale ku Namwera ndi ku Mangochi, aphunzitsi nawo amapita kwawo patchuthi cha Disembala. Milandu yambiri imene imatipeza pakati pa mwini nyumba ndi wochita lendi imabadwa m'masiku amenewa, m'nyumba mulibe munthu.

Gwero lake tonse tikulidziwa: kuno madzi ndi magetsi zimabwera n'kupita osatsanzika. Mayi atsegula mpopi m'mamawa, mpopi uli gwaa, iwo n'kuusiya chomwecho pothamangira sitima ya ku Nampula. Usiku madzi abwera. Pofika mkuja adzaza pabalaza, anyowetsa matumba a chimanga, ayamba kudya khoma kunsi, ndipo khoma lomangira dothi silichedwa kugonja. Magetsi nawo n'chimodzimodzi. Simbi kapena mbaula imene inali yoyatsa pamene magetsi amathima imakhala yozizira, munthu n'kuiwala kuti sanaizule. Magetsi akabwera, imayambira pomwe inalekera, pamwamba pa nsalu kapena pafupi ndi katani. Amene analipo mu Januwale 2015 akukumbuka: mtsinje wa Licungo utasefukira ku Mocuba n'kugwetsa nsanja za mawaya, chigawo chonse chakumpoto chinakhala mumdima milungu ingapo. Ndani akanakumbuka, patapita masiku onsewo, chimene anasiya chili choyatsa?

N'chifukwa chake tikupempha kuti aliyense wochoka, ngakhale kwa masiku awiri okha, athimitse magetsi pa swichi yaikulu ya nyumba yonse, azule wailesi, TV ndi matchaja, ndipo atseke madzi panja pa mita, osati pa mpopi wa m'nyumba pokha. Za m'filiji zidyedwe kapena zigawidwe, filijiyo itsale yotsegula. Timamva ena akunena kuti pa mita ya magetsi ya Credelec patsala mayunitsi ochepa, atha okha. Ochepawo ndi okwanira kutentha nyumba.

Tikufuna tinenepo zambiri za denga, chifukwa ndi pamene madzi ndi magetsi zimakumana. Msomali umodzi ukasukusa pa lata, mvula imadonthera pa mawaya a kudenga, amene mwina makoswe anawatafuna kale. Madziwo amatsika ndi khoma mpaka mu soketi. Nyumba zambiri zalandira magetsi posachedwapa, pamene boma likufuna kuti pofika 2030 aliyense akhale nawo, ndipo ku Cuamba kuno malo opangira magetsi a dzuwa a Tetereane anatsegulidwa mu 2023. Izi n'zokondweretsa. Koma mawaya a m'nyumba zambiri anaikidwa ndi wachibale wongodziwako pang'ono, olumikiza ndi pulasitiki wa jumbo, opanda waya wopita m'nthaka. Nyumba yotere ikanyowa, khoma, chitseko chachitsulo ngakhale waya woyanikapo zovala zimagwira munthu. Mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 inatisonyeza kuti madzi angalowe ngakhale m'nyumba zimene eni ake ankati n'zolimba.

Pobwera ku ulendo, mukapeza madzi pansi kapena khoma lonyowa, musayatse chilichonse, ndipo ana asalowe. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 220, ndipo munthu woponda m'madzi wopanda nsapato angamuphe pomwepo. Dikirani kuti muume, kenaka muitane mmisiri wodziwa ntchito ayang'ane. Wina akagwidwa ndi magetsi, musamukoke ndi manja: thimitsani swichi yaikulu, kapena mumulekanitse ndi waya pogwiritsa ntchito mtengo wouma, inu mutaima pouma. Moto wa magetsi suthiridwa madzi, umathiridwa mchenga. Waya wa mumsewu ukagwa, auzeni a kampani ya magetsi ya EDM ndipo pasayandikire munthu.

Bungwe lathu likudzudzula mchitidwe wokoka magetsi kuchoka nyumba ina kupita ina ndi kawaya kowonda kodutsa pamwamba pa malata kapena kokwiriridwa m'dothi. Tikudziwa kuti umphawi ndiwo umachititsa, ndipo sitikunyoza munthu. Koma mwini mita akachoka sangathimitse magetsi, poopa kusiya mnansi mumdima, choncho nyumba ziwiri zimatsala pa ngozi imodzi. Mwini nyumba amene ali membala wathu asalole zimenezi pamalo pake.

Pa za kulipira zowonongeka, mfundo yathu ndi iyi. Madzi akawononga chifukwa cha mpopi wosiyidwa wotsegula, wochita lendi ndiye akonze. Akawononga chifukwa cha denga kapena paipi imene mwini nyumba anauzidwa koma sanakonze, mlandu ndi wake. Mwini nyumba aliyense amuonetse wochita lendi, tsiku lomwe akulowa, pamene pali swichi yaikulu ndi potsekera madzi, chifukwa ambiri amakhala chaka chathunthu osadziwa.

Abale ndi alongo, musachoke mwakachetechete poopa akuba. Siyani kiyi ndi nambala yanu ya foni kwa mnansi mmodzi wokhulupirika, mumupemphe azisuzumira m'nyumba ikagwa mvula yamphamvu. Atsogoleri athu, tithandizeni kuwerenga chikalatachi Lachisanu ku mzikiti ndi Lamulungu ku tchalitchi, mvula yoyamba isanagwe.

Komiti ya Bungwe